Timapiritsi ta Shuga

Lolemba, 16 Juni 2025

Andigoneka lero masana. Wodi ya amuna, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera loyang'ana kuphiri. Phirilo silikuoneka, chiperoni chaliphimba kuyambira dzana.

Ndine Hopewell Namaona wa ku Nkando, zaka 59. Ndinali kapitawo wa othyola tiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndiye dzanja linazolowera kulemba. Chipumireni ntchito ndimanyamula zinanazi ndi nthochi panjinga kupita nazo ku Chonde. Ndizilemba m'kope muno zonse zimene akundichita, chifukwa mkazi wanga Esteri salemba, ndipo ine mutu wayamba kutaya zinthu. Zilembo zikhala zikuluzikulu, maso sakuona bwino masiku ano.

Chandibweretsa ndi phazi lamanja. Masabata atatu apitawo ndinkawotha mbaula, phazi n'kupsa ine osamva kanthu. Ndinangodzidzimuka Esteri akukuwa kuti, "Abambo ake Sheila, chikununkha n'chiyani muno?" Tinkatsuka ndi madzi amchere poganiza kuti lipola. Tsopano zala ziwiri zada bii.

Andibaya chala kuti ayeze shuga. Kamakina sikanapereke nambala, kanangolemba zilembo ziwiri. Anamwino ati ndiye kuti shugayo wapitirira pamene kamakinako kamalekezera kuwerenga.

Adokotala anafunsa, "Bambo, mankhwala a shuga mumamwa?"

"Katatu patsiku, osaphonya. Afunseni mayiwa."

Esteri anavomera. Adokotala anafunsanso kabuku kanga ka kuchipatala, ndinati tinakasiya kunyumba. Anapukusa mutu n'kulemba. Ati ndili muno ndisamwe mankhwala a kunyumba, azindipatsa awo.

Lachiwiri, 17 Juni

Shuga m'mawa: 512. Madzulo: 440. Jakisoni wa insulini kawiri. Dilipu padzanja lamanzere, ndi mankhwala opha tizilombo odzera momwemo.

Poyendera odwala adokotala anatenga cholembera n'kujambula mzere pamwendo wanga, pamwamba pang'ono pa kakolo, pamene kufiira kwalekezera. Ati kufiirako kukabwerera m'munsi, achotsa zala zokha. Kukadutsa mzerewo, tikambirana zina. Sanatchule zinazo, koma ine si mwana. Phazi limeneli ndi limene limapalasa njinga.

Pabedi la kumanja kwanga pali a Pilato a ku Milonde, mkulu wa imvi mutu wonse. Anagwa panjinga yamoto n'kuthyoka ntchafu, ndiye mwendo wawo anaumangirira chingwe cholendewera chitsulo. Akhala muno masabata asanu ndipo akudziwa anamwino onse ndi mayina awo. M'mawa anandipatsa moni wa kwathu, "Mosheliwa?" Atamva kuti ndinali kapitawo anaseka mpaka chitsulo chija kugwedezeka. "Kodi! Ndiye muno mulamula ndani, akapitawo? Muno olamula ndi aja amabwera ndi thonje."

Ndinaseka pang'ono. Mantha ndili nawo.

Lachitatu, 18 Juni

Shuga: 388 m'mawa, 351 madzulo.

Atsuka bala. Amene amatsuka ndi a sisitala Marjory, mayi wamfupi wosachedwa kulankhula. Ati, "Mukamva kuwawa munene." Sindinamve. Ndinkangoona akudula zakuda, ngati akugwira phazi la munthu wina. Ati kusamvako si chinthu chonyadira.

Esteri akugona kumalo a odikirira odwala, akuphika komweko. Wabweretsa nandolo ndi mpiru, nsima ka mtanda kamodzi kakang'ono. Andiletsa mzimbe, nthochi zakupsa, sobo, zonse. Chimene ndikuchilakalaka ndi tiyi. Masiku atatu osamwa tiyi, ine munthu amene ndinakalambira m'munda wa tiyi!

Sheila anaimba foni masana. Ndi mwana wathu, mwa anayi amene tinabereka anatsala yekhayo. Amagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, amaima chiimire kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ati abwana ake amulola kubwera kumapeto a mwezi. Ndinamuuza kuti ndi kabala chabe, asadzivute.

"Nanga timapiritsi tija muli nato, ababa?"

"Tili m'jekete muno, mwana wanga."

"Tikatha munene msanga."

Mwana ameneyu sanandiiwalepo.

Lachinayi, 19 Juni

Shuga: 302 m'mawa. Wamadzulo sindinalembe.

Sindikudziwa poyambira, koma ndilemba mmene zinachitikira.

Esteri anabwera ndi tiyi wopanda mkaka m'fulasiki cha m'ma 10 koloko. Ndinaganiza kuti mankhwala anga ndawasiya masiku atatu, mwina n'chifukwa chake shuga akutsika pang'onopang'ono chonchi. Ndinapisa m'jekete n'kutulutsa kabotolo kanga koyera, kodina pamwamba. Ukadina kamodzi kamagwetsa kapiritsi kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndinadina kawiri m'kapu. Ndinkawauza a Pilato kuti awa ndiwo mankhwala enieni, ochokera m'tauni, osati aja ankanditsegula m'mimba.

A sisitala Marjory ankadutsa ndi kangolo kawo ka thonje. Anaima.

"Bambo Namaona, mwati amenewo ndi chiyani?"

"Mankhwala anga a shuga. Pepani, ndikudziwa adokotala analetsa."

Anatenga kabotoloko, kukatembenuza, kuwerenga. "Aja munawauza adokotala kuti mumamwa katatu patsiku ndi amenewa?"

"Omwewo."

"Nanga metifomini, aja akuluakulu oyera ankakupatsani kuchipatala?"

"Ndinasiya. Awa analowa m'malo mwake."

"Munasiya liti?"

"Pa Khirisimasi."

Mayi wolankhula uja anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Analankhula motsitsa kuti ena asamve, koma m'wodi mulibe chinsinsi.

"Bambo, awa si mankhwala. Izi timati switina. N'zotsekemeretsa tiyi basi, m'malo mwa shuga wa m'paketi, kuti munthu wa matenda anuwa azimva kukoma shuga wa m'magazi osakwera. Sizichiza, sizitsitsa. Miyezi isanu ndi umodzi mwakhala osamwa mankhwala alionse."

Ndinawatsutsa. Ndinati awerenge bwino, pali liwu lachingerezi lomwe lija limalembedwa pakabuku kanga ka kuchipatala, ndinaliona ndi maso angawa. Ati inde lilipo, koma akunena kuti anthu a shuga angathe kuthira m'tiyi. Tizilembo tinato n'tating'ono, ine ndinangoona liwu limodzilo n'kukhutira.

Esteri anagwira pakamwa. Tiyi uja anazizira m'kapu, sindinamwe.

Lachisanu, 20 Juni

Shuga: 276, 290. Kufiira kwatsala chala chimodzi kuti kufike pamzere.

Adokotala amva. Sanandikalipire, bola akanakalipa. Angoti, "Tsopano ndamvetsa." Ati chipatala chathu chaching'ono chikanaona kuti sindikubwera, koma anthu ndi ambiri. Ndati ayi, olakwa si iwo. Ndinasiya kupita ndekha, ndi miyendo yangayi.

Tsiku lonse ndakhala ndikubwereza mawu a Sheila. Anatumiza kabotoloko ndi kondakitala wa minibasi, ine n'kukalandira pasiteji pa Nkando. Kenako anaimba. Ndikuwakumbukira mawuwo limodzilimodzi: "Ababa, ndakutumizirani timapiritsi ta shuga. Muziponya tiwiri mu tiyi. Za shuga zinazo musiyiretu."

Iye ankanena shuga wa m'paketi, ndi sobo, ndi masikono, poti amadziwa kuti bambo ake amathira masipuni anayi mobisa. Ine ndinamva kuti ndisiye mapiritsi a kuchipatala ndi maulendo aja okafola pamzere. Liwu lake ndi limodzi lomwelo. Wothira m'tiyi ndi shuga, matenda ndi shuga. Timapiritsi ta shuga! Palibe bodza limene mwanayo ananena.

Ndipo ndinakondwa, Mulungu andikhululukire. Mapiritsi akale ankandipotokola m'mimba. Awa otsekemera, omwera m'tiyi. Ndinayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kutaya madzi kosalekeza, thalauza kukhwepa. Esteri ankati tipite kuchipatala, ine n'kumukalipira kuti sadziwa kanthu. Tsiku lina ndinaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa nyumba pamene ndinatayira madzi. Ndinamuitana kuti adzaone. "Ukuona? Mankhwala a mwana wathu akutulutsa shuga yense m'thupi!" Ndinadya mzimbe tsiku limenelo mosangalala. Pa Pasaka ndinamuimbira Sheila kuti atumize ena, akundithandiza kwambiri. Anaseka ndi chimwemwe, n'kutumiza awiri.

A Pilato anandisiya mpaka masana osandiputa. Kenako anati, "Koma akapitawo, inu ndi sukulu yanuyo, mankhwala otsekemera munawaona kuti?" Sananene monyoza.

Ndamuuza Esteri kuti Sheila asamve. Asamve lero, asamve mawa, asadzamve ine nditafa. Tidzangoti shuga anakwera. Esteri wati, "Ndamva." Walira mwakachetechete akupinda zovala.

Loweruka, 21 Juni

Shuga: 310. Thupi latentha, 38.9. Asintha mankhwala a m'dilipu.

Kufiira kwafika pamzere penipeni. Ndayang'ana kasanu.

Sindinadye.

Lamulungu, 22 Juni

Shuga: 265, 248. Kutentha kwatsikako.

Amayi a Mvano a kumpingo kwathu anabwera asanu, atavala zoyera zawo. Anaimba nyimbo ziwiri motsitsa, anapemphera, anasiya chinangwa chophika ndi chinanazi chachikulu chimene sindingadye. Ndawapatsa a Pilato, adya mpaka madzi kuyenderera m'chigongono.

Potsanzikana mayi mmodzi anati, "Tikanaiwala. A Samueli akupereka moni. Akanabwera koma thupi silili bwino, aonda zedi. Akuti timapiritsi munawagawira tija tatsala pang'ono, mukamuuze Sheila awaganizireko."



Ndinali nditaiwala. Kapena ndinene zoona, kope ili ndi langa: ndinkadziiwalitsa. A Samueli ndi mkamwini mnzanga, anakwatira mng'ono wake wa Esteri, nyumba zathu zayang'anizana. Nawonso ndi a shuga. Mabotolo awiri a pa Pasaka aja, limodzi ndinawapatsa iwo. Ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti, "Alamu, tayani zakuchipatalazo, mukuvutikiranji?" Anandimvera chifukwa ndine wowerenga, ndine kapitawo.

Vuto ndi ili. Ndikawauza a Samueli, amva akazi awo. Akazi awowo ndi mayi ake aang'ono a Sheila, amene anamulera Sheilayo pamene Esteri anadwala, ndipo amaimbirana foni Loweruka lililonse. Mayi amene uja sasunga mawu, ngakhale utamulumbiritsa pa Baibulo. Tsiku lomwelo Sheila amva kuti kabotolo kake ndi kamene kadya phazi la bambo ake.

Ndaganiza zongotumiza mawu oti a Samueli apite kukayezetsa, osanena chifukwa. Koma ndimawadziwa. Adzati, "Ndikayezetse chiyani, mankhwala ndili nawo?" Ndinawaphunzitsa ndine kuyankha choncho.

Esteri wandiyang'ana madzulo onse. Ndinamuuza kuti asandiyang'ane choncho.

Lolemba, 23 Juni

Shuga: 240, 233.

Anandikankha pampando wa matayala kupita ku ekisire. Adokotala aonetsa chithunzi pazenera: fupa la zala ziwiri ladyeka, lachitatu layamba. Mawa ndipita ku fiyeta kukachotsa zala zitatu. Ati ayesa kupulumutsa chotsalacho. Ndisadye kanthu kuyambira madzulo ano.

Nditabwerako ndinawauza a Pilato nkhani ya a Samueli. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti munthu wa bedi loyandikana sudzakumana nayenso. Anamvetsera atatseka maso, ndinkayesa agona. Kenako anati:

"Mwana wanuyo adzalira, akapitawo. Adzalira mwezi, mwina chaka. Koma miyendo adzakhala nayo yonse iwiri. Nanga mnzanuyo mbaula sawotha?"

Ndinakwiya. Ndinati nkhani za banja langa sakuzidziwa, asamale za mwendo wawo wopachikawo. Anati, "Chabwino," n'kutembenukira kukhoma mmene chingwe chinawalolera.

Kunja chiperoni chikadali. Kwathu nthawi ino aliyense mapazi ali pambaula.

Esteri atabwera ndi madzi osamba ndinamuuza kuti asiye beseni, akakwere minibasi. Akawauze a Samueli zonse, mosabisa: kuti si mankhwala, kuti ndinawanamiza ndine mosadziwa, kuti mawa lomwe apite kuchipatala ndi kabuku kawo. Asawothe moto mpaka anamwino aone mapazi awo.

"Nanga Sheila?"

"Pita, minibasi zitha."

"Nanga inu mawa ku fiyeta mukhala ndi ndani?"

"Zala zitatu sizifuna mboni."

Wapita. Ndawapepesa a Pilato. Ati, "Chinanazi chija chinalipira kale."

Lachiwiri, 24 Juni

Achotsa zitatu. Anandibaya pamsana, ndinali maso koma osamva. Ndinkamva kulira kwa zitsulo.

Shuga: 281.

Mutu ukuwawa. Basi.

Lachitatu, 25 Juni

Shuga: 255, 262. Kutentha 38.6.

Esteri wabwera masana. A Samueli anapita dzulo, anawapeza ndi 437. Awabwezera pamankhwala. Mapazi awo ali bwino, kachilonda kakang'ono kokha pachidendene kamene iwo sankakadziwa n'komwe. Anamwino akatsuka n'kumanga.

Ndinafunsa kuti a Samueli anati chiyani za ine. Esteri ati poyamba anakana, anati akapitawo sangalakwitse kuwerenga. Atamvetsa anati, "Kawauzeni alamu kuti ndinkadabwa kukomako." Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

Mng'ono wake wa Esteri analonjeza kuti sauza munthu. Analonjeza foni ili m'manja.

Sheila amaimba tsiku lililonse nthawi yopuma masana. Lero foni yakhala pa pilo kuyambira 12 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Sinalire. Ndinaimba ndine, inangoitana.

Wamva.

Lachinayi, 26 Juni

Shuga: 298. Kutentha 39.2.

Kufiira kwadutsa mzere. Ndinaona ndekha m'mawa asanabwere adokotala, kwakwera zala zitatu pamwamba pake. Ndinafunditsa bulangete ngati kuti sakaona.

Anabwera adokotala awiri, wina wamkulu. Atamasula bandeji, a Pilato amene sadandaula kanthu anatembenuza nkhope. Wamkuluyo analankhula mosazungulira, ndipo ndikumuthokoza. Magazi sakufika bwino kuphazi. Chotsalacho chikuwola. Akachedwa, poizoni alowa m'thupi lonse. Adula m'munsi mwa bondo, mawa m'mawa. Ati bondo likatsala, m'tsogolo ndingathe kuyenda ndi mwendo wochita kupanga.

Ndinafunsa ngati ndidzapalasenso njinga. Anati, "Tiyambe tapulumutsa munthu, bambo."

Ndinafunsanso funso limene ndinalisunga sabata yonse: ndikanapitiriza mapiritsi akale aja, phazili likanapola? Anati sangalumbire, ena amamwa bwinobwino koma mabala amawavuta. Ndinati asandinyengerere, ndine wamkulu. Anati, "Mwayi ukanakhala wochuluka." Ndalemba mmene ananenera.

Pepala ndasaina ndekha, dzina lonse.

Esteri anapempha beseni n'kunditsuka mwendo wonse mpaka pamene pali bandeji, n'kuupaka mafuta. Palibe anamuuza. Ndinauyang'ana bwinobwino: chipsera cha chikwanje cha 1988 m'munda wa tiyi, mtsempha wotupa wa njinga. Wandinyamula zaka 59 osanyinyirika. Ndaupha ndi kukonda zotsekemera ndi kudziyesa wodziwa.

Ndikuopa. Ndalemba kuti pakhale poyera.

Sheila sanaimbe.

Lamulungu, 29 Juni

Ndili moyo. Shuga 214.

Zala zimene kulibe zikuyabwa.

Lolemba, 30 Juni

Shuga: 190, 176. Kutentha kwatha. Ululu ndi waukulu koma akundipatsa mankhwala maola asanu ndi limodzi alionse. Bulangete kumanja lagona fulati kuyambira pabondo. Ndikuphunzira kusayang'anako.

Sheila ali pano. Esteri ati anafika Lachisanu ndili ku fiyeta, anaima pakhomo pa fiyetapo mpaka ananditulutsa. Ine sindikukumbukira. Chifikireni akuchapa, akuphika, akutunga madzi, akutaya zotaya, ntchito zonse wawalanda mayi ake. Koma m'wodi sakhala. Amalowa, kugwada, "Mwadzuka bwanji, ababa," maso ali pansi, kuika mbale, kutuluka. Waonda masiku anayi okha. Esteri ati sakudya, ndipo wanena kuti ku Limbe sabwererako, ntchito aisiya, akhala pakhomo azindisamala mpaka imfa chifukwa mwendowo wadula ndi iye.

Zimenezo ndiye ayi. Mwendo wapita, wapita. Mwana yekhayo asapite nawo.

Kabotolo kaja sindikukapeza m'jekete. Esteri ati Sheila anakatenga, akufuna akakaponye m'chimbudzi koma akulephera, akungoyenda nako m'chikwama.

A sisitala Marjory potsuka bala ndinawafunsa ngati timapiritsi timeneti tili ndi poizoni. Ati ayi, tiwiri m'tiyi palibe vuto kwa ine, bola jakisoni ndi mankhwala ndisasiye, ndipo tiyiyo asakhale wa ola lililonse. Ndinawapempha kuti mawa akamadutsa adzanene zomwezo mokweza. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo kumene Sheila anatulukira. Ati, "Ndamva, bambo."

Lachiwiri, 1 Julayi

Shuga: 158 m'mawa. Chigonekedwereni sanatsikepo chonchi.

Chiperoni chachoka, phiri laoneka lonse.

Sheila analowa ndi phala cha m'ma 8 koloko. Anagwada, kupereka moni, kuika mbale, kudzuka kuti azipita. Ndinati, "Khala pansi." Anati ali ndi zochapa. Ndinatulutsa mawu aja ndinkaitanira anthu kumapeto a munda: "Sheila, ndati khala pansi!" Wodi yonse inatembenuka. Anakhala m'mphepete mwa bedi, kumanzere, kutali ndi kumene kulibe mwendo.

Ndinamuuza kuti abwereze zimene ananena pafoni pa Khirisimasi. Anakana ndi mutu. Ndinabwereza ndine, liwu ndi liwu. "Timapiritsi ta shuga. Muziponya tiwiri mu tiyi. Za shuga zinazo musiyiretu." Ndinamufunsa kuti bodza lili pati pamenepa.

Apo ndiye anaphulika. "Ndikanafotokoza bwino, ababa! Ndinali pantchito, ndinkathamanga, abwana ankandiyang'ana. Mukuti akukuthandizani ine n'kumasangalala, n'kutumizanso ena! Ndakudulani mwendo ndine, ababa, ine mwana wanu!"

Analira ngati tsiku limene tinaika mchimwene wake womaliza. Ndinamusiya alire. Kenako ndinamuuza kuti pakabotolopo panalembedwa zonse, ndipo amene amadzitama kuti amawerenga m'nyumba mwathu ndine. Mayi ake anandiuza kanayi kuti tipite kuchipatala, ndinawakalipira kanayi. Ndinamva zimene ndinkafuna kumva, chifukwa zinali zokoma. "Iwe unatumiza chothira m'tiyi. Amene anachisandutsa mankhwala ndi ine, Namaona. Mlandu wangawu usandilande, ndi wokhawo ndatsala nawo woimirira."

Sanayankhe. Mawu okha sakanamufika, ndinaona.

Ndinamuuza Esteri kuti andipatse fulasiki ndi kapu. Ndinamupatsa Sheila kapuyo. "Thira." Anathira. "Tulutsa kabotolo kaja."

"Ayi, ababa."

"Kali m'chikwama mwakomo. Tulutsa."

"Sindingathe, ababa, ndapota nanu."

A sisitala Marjory anafika ndi kangolo kawo ngati angodutsa. "Switina ameneyo? Tiwiri palibe vuto, mayi. Jakisoni abayidwa kale." Anapitirira osaima.

A Pilato nawo anakweza mutu. "Mwanawe, athirire bambo akowo. Sabata ziwiri akutiliza muno ndi nkhani ya tiyi, ife tatopa nawo."

Anakatulutsa. Anakagwira pamwamba pa kapu nthawi yaitali, misozi ikugwera pachitenje. Ndinagwira dzanja lake ndi langali, chala changa pamwamba pa chake. Tinadina. Kamodzi. Kawiri. Timapiritsi tinamira n'kusungunuka.

Ndinamwa pang'onopang'ono, iye akundiyang'ana kumaso koyamba chifikireni. Kuyambira pa Khirisimasi ndamwa timapiritsi timeneti tsiku ndi tsiku, koma lero ndi tsiku loyamba kutimwa pa ntchito imene mwana wanga anatitumizira.

"Ali bwanji, ababa?"

"Watsekemera bwino, mwana wanga. Lachinayi ubwerere kuntchito. Tikatha ndidzanena."

Anatenga kapu, anaitsuka. Pobwera sanakhalenso kumanzere. Anakhala kumanja, pamalo paja bulangete lagona fulati, n'kuyamba kundidyetsa phala.

Shuga madzulo: 149.